Nyanja Siiri Kutali ndi Thyolo

Alipo anthu m'midzi ya ku Thyolo amene amaseka pakumva kuti nyanja ya mchere irikukwera. Iwo amati, "Ife tiri pamapiri, pakati pa minda ya tiyi. Za nyanja adziwe ndi eni zilumba." Mau amenewa ndi osokeretsa, ndipo ayenera kutsutsidwa.

Nzoona kuti nyanja yakwera. Kuyambira m'chaka cha 1900 madzi ake akwera ndi masentimita pafupifupi 20. Utsi wa malasha ndi mafuta ulikutenthetsa dziko lapansi. Madzi oundana a ku maiko ozizira alikusungunuka, ndipo madzi a m'nyanja akafunda amafufuma. Pa zilumba za Tuvalu ndi Maldives madzi a mchere amalowa m'minda ndi m'zitsime.

Tsono nyanja yofundayo ndiyonso imapatsa anamondwe mphamvu. Namondwe wa Freddy anabadwira pafupi ndi Australia mu February 2023. Anaoloka nyanja ya India, napyola Madagascar ndi Mozambique, nafika kuno mu March. Mvula inagwa masiku angapo osaleka. Matope anatsika m'mapiri a Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, ndipo Thyolo sanapulumuke. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Kodi phiri linawatchinjiriza?

Munthu wa ku Thyolo sangathe kuletsa namondwe, koma angathe kuchepetsa ukali wa madzi. Kale phiri la Thyolo linali ndi nkhalango yowirira imene inkasunga mvula ndi kuitula pang'onopang'ono m'mitsinje. Lero nkhalangoyo yatsala pang'ono kutha. Mvula ikagwa pa nthaka yopanda mitengo imathamanga, nikokolola chonde, nitsikira ku Ruo ndi ku Shire. Madzi amene sanasungidwe kumtunda ndiwo amagwetsa nyumba za abale ku Chikwawa ndi ku Nsanje.

Ena amatsutsa mlimi yekha chifukwa cholima pamotsetsereka ndi m'mbali mwa mitsinje. Kuweruza kotere nkosakwanira. Malo ambiri abwino a ku Thyolo ali m'manja mwa maesiteti kuyambira masiku a thangata, ndipo banja losowa munda limapita nalo khasu kuphiri. Njala siidikira mtengo kuti ukule.

Chifukwa chake mlandu uwu ngwa onse. Eni maesiteti athandize midzi yowazungulira ndi mbande za mitengo ndi nkhuni. Boma liweruze nkhani ya malo mwachilungamo. Mafumu aletse kulima m'mphepete mwa mitsinje. Mlimi apange mizere yopingasa ndi kubzala nsungwi ndi udzu wa vetiva m'maliwondo ndi m'makwalala a madzi. Ndipo wailesi ikachenjeza za namondwe, aliyense wokhala kunsi kwa phiri asamuke msanga, osadikira kuona matope.

Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Woseka anthu a pa zilumba ayambe wayang'ana phiri liri kuseri kwa nyumba yake.