Galimoto yoyendera isadye ndiwo za ana

Chaka chikamapita kumapeto, anyamata athu a ku Joni amayamba kufika. Kuno ku Lungwena ndi midzi ina ya mu msewu wa Mangochi-Makanjira timaona njinga zamoto zatsopano ndi magalimoto onyezimira ataima pakhomo. Asodzi amene usipa wawayendera bwino nawonso mtima umayamba kudyokoka. Sabata ino ndati tikambirane za galimoto yongoyendera, yopitira kuukwati, ku Eid kapena kokacheza ku Cape Maclear, imene sibweretsa ndalama pakhomo.

Sindikuletsa munthu kusangalala ndi thukuta lake. Ndikungoti walira mvula walira matope, choncho matopewo tiwawerengeretu.

Choyamba, mtengo umene mumauona pa intaneti, monga pa Be Forward, ndi wa madola, ndipo nthawi zambiri umathera padoko la Dar es Salaam. Pamwamba pake pali zolipira padoko, ejenti wotulutsa galimotoyo, dalaivala woibweretsa mpaka pa Songwe, ndi msonkho wa MRA umene umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo. Kumbukiraninso kuti kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsikanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene ankasonkhanitsa makwacha pang'onopang'ono anadzuka ndalama zawo zitaperewera. Musanatumize khobidi lililonse, funsani msonkho wake ndipo muulembe papepala.

Galimoto ya nambala ya ku South Africa nayo ili ndi msampha wake. Imalowa m'dziko muno ndi chilolezo cha kanthawi. Ikati ikhalitse, msonkho uyenera kulipidwa. Mnzanu akamakugulitsani motchipa chifukwa akubwerera ku Johannesburg, funsani mapepala a MRA, apo ayi ngongoleyo mwaigula ndinu.

Ngati mukugula yakale konkuno, pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Onani kuti nambala ya injini ndi ya chasisi zikufanana ndi zimene zili pa blue book, ndiponso kuti dzina ndi la amene akugulitsayo. Kusintha umwini kuchitikire ku Road Traffic, osati pansi pa mtengo wa mango. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachiwiri, galimoto imadya ngakhale itaima. Inshuwalansi ndi COF zimafuna ndalama chaka ndi chaka. Batire imafa ikakhalitsa osalizidwa. Msewu wathu mukuudziwa: fumbi ndi mabampu m'chilimwe, matope ndi madzi osefukira m'dzinja. Galimoto yotsika pansi imatha mashoko ndi matayala msanga, ndipo sipeya wina mumakamupeza ku Mangochi boma kapena ku Limbe. Mafuta akasowa, monga tinaonera mu 2022 ndi 2024, timagula a m'zigubu pa mtengo woboola m'thumba.

Chachitatu, ndalama za kunyanja zili ndi nyengo. Mwera ukamawomba mu June ndi July, maboti amagona pagombe masiku angapo. Mu November ndi December boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti nsomba ziswane. Nthawi yomweyo feteleza ndi mbewu zikufunika, fizi ya teremu yoyamba mwangolipira kumene mu September, ndipo ina ikudikira mu January. Galimoto sidziwa zonsezi.

Nayi njira yodziyesera imene ndimalangiza. Werengerani ndalama zimene galimotoyo izidya pamwezi: mafuta, sevisi, ndi gawo la inshuwalansi, COF ndi matayala. Kwa miyezi 6, kuphatikizapo miyezi ya mwera, muziika ndalama imeneyo padera osaikhudza. Mukakwanitsa ana osagona ndi njala, ndiye kuti mungathe kuisamala, ndipo muli kale ndi ndalama yokonzetsera ikawonongeka. Mukalephera, mwapulumuka musanalowe m'dzenje.

Za ngongole ndinene mosabisa. Katapila kapena ngongole ya banki m'khonde ndi yoti mutengere chinthu chobweza ndalama, monga ukonde, injini ya boti kapena mpamba wa geni. Chinthu chongosangalatsa mugule ndi ndalama zanuzanu. Ndipo musagulitse chilimira, munda kapena mbuzi zonse kuti mupeze galimoto. Ena amati ikavuta adzaisandutsa takisi, koma imeneyo ndi bizinesi ina yofuna mapepala ake, inshuwalansi yonyamulira anthu ndi dalaivala wokhulupirika.

Nkhaniyi muikambirane m'nyumba. Bambo, afunseni mayi a kunyumba, chifukwa ufa ukatha m'dengu ndi iwo amayamba kudziwa. Mayi, ngati amuna anu akutumiza ndalama kuchokera ku Joni, auzeni zoona za denga lodontha ndi fizi ya ana musanavomere za galimoto.

Pomaliza, werengani maulendo achisangalalo amene mumayenda pachaka. Ngati ndi atatu kapena anayi, kuchita hayala Sienta tsiku limenelo n'kotchipa kuposa kuweta galimoto miyezi 12. Zotsalazo mukhomere malata, mugule sola, kapena muwonjezere mpamba. Galimoto idzakupezani chaka chimene thumba lidzavomere.