Loko wa ku Geneva pa chitseko cha bango

Tchuthi chapitachi ndinali kwathu kwa Mlonyeni, ku Mchinji, kumene ukangokwera pachulu foni imakulandira ku Zambia usanawoloke n'komwe. Kunyumba kulibe magetsi, choncho foni timakatchajitsa pa kashopu ka sola. Tsiku lina ndinasiya yanga m'mawa. Pokaitenga madzulo ndinapeza mnyamata wotchajitsa ali nayo m'manja, chala chikuyenda. "Akulu, yanuyi ilibe loko, ndimangoona ngati yadzadza," anatero akuseka.

Mu foniyo munali Signal ndi Proton Mail, zomwe ndimanyadira nazo kusukulu ngati munthu wotsogola. Munalinso meseji ya m'bale wanga wina amene amagwira ntchito pamalo podutsa katundu wa boma. Anandilembera zomwe anaona usiku wina: matumba akukwezedwa m'galimoto yolowera njira zachidule za kumalire. Anandikhulupirira poti ndine wa ku yunivesite.

Ndiye lero ndikufuna tikangane, anzanga, makamaka inu amene mumati nkhani yoteteza akaunti ndi ya atolankhani ndi andale, inu mulibe chobisa. Mwina mulibedi. Koma foni yanu yasunga zinsinsi za anthu angati? Khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Amene amalangidwa akaunti yanu ikatseguka nthawi zambiri si inu, koma uja anakutumizirani chithunzi cha chikalata, mnzanu amene anakuuzani za mphunzitsi wofuna chibwenzi posinthana ndi malikisi, kalaliki amene anaona zomwe samayenera kuona.

Izi si nthano za kunja. Pa 5 April 2022 apolisi ku Blantyre anagwira mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism chifukwa cha nkhani yokhudza ndalama zomwe boma limafuna kulipira kampani yolumikizana ndi Zuneth Sattar. Anamulanda foni ndi kompyuta, ndipo chomwe ankafuna n'choti aulule amene anamupatsa chikalata. Patangopita masiku ochepa, tsamba la bungwe lakelo linathyoledwa. Mu February 2024 apolisi analanda mafoni ndi malaputopu a atolankhani 14 a MBC pofufuza tsamba labodza la pa Facebook. Tangoganizani anthu onse amene anali atalemberapo atolankhani amenewo mwachinsinsi. Anagona tulo usiku umenewo?

Pano ndi pamene timanamizana. Tikamva kuti WhatsApp kapena Signal imabisa uthenga kuchokera pa foni yako mpaka pa ya mnzako, timaganiza kuti nkhani yatha. Kubisako kumateteza kalata ili panjira. Ikafika, imakhala poyera mu foni, ndipo aliyense wolowa mu akauntiyo amawerenga ngati mwini wake. Martha Chizuma, ali mkulu wa ACB, sanavutike chifukwa choti wina anaswa masamu a kompyuta ayi. Mawu ake anajambulidwa pokambirana pa foni, n'kufalitsidwa mu January 2022, ndipo mu December chaka chomwecho apolisi anakamutenga kunyumba mbandakucha.

Ngakhale Proton yeniyeniyo, ya ku Geneva, ili ndi malire. Mu 2024 inakakamizidwa ndi lamulo la Switzerland kupereka zomwe inali nazo za munthu wina womenyera ufulu wa dera la Catalonia amene apolisi a ku Spain ankamufuna. Makalata ake sinathe kuwatsegula. Inangopereka imelo ina yomwe munthuyo analembetsa kuti azibwezeretsera akaunti akaiwala pasiwedi, ndipo imeloyo ndi imene inawalondolera kwa iye. Khomo la kutsogolo linali lachitsulo, anadzera la kuseri.

Kuno kwathu khomo la kuseri ndi nambala ya foni. Kuyambira 2018 simukhadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso, ndiye nambala yako ndi dzina lako. Pa nambala yomweyo tamangirirapo Facebook, WhatsApp, imelo, Airtel Money kapena Mpamba, ndipo manambala otsimikizira kuti ndife eni ake amabwera pa SMS pomwepo. Wina akakunyengerera kuti umuwerengere manambala 6 amene angokufikira, kapena akakwanitsa kutulutsa simukhadi ina m'dzina lako, watenga mudzi wonse. Ndani mwa ife sanalandirepo meseji yopempha ndalama kuchokera pa WhatsApp ya mnzake yomwe yabedwa? Timaseka, timati achepa nayo. Koma wakuba wofuna K20,000 ndi munthu wofuna kudziwa amene akuulula zinthu amalowera khomo limodzi.

Makampani akuluakulu akudziwa zimenezi. Google inayambitsa Advanced Protection mu 2017, Apple inabweretsa Lockdown Mode mu 2022, ndipo Proton inatulutsa Sentinel mu 2023, momwe makina ndi anthu amayang'anira ngati wina akuyesa kulowa mu akaunti yako mokayikitsa. Zonsezi amati ndi za anthu amene ali pachiopsezo chachikulu. Mkwiyo wanga ndi woti munthu amene anali m'mutu mwawo pokonza zimenezi ali ndi iPhone, khadi ya banki yolipira madola, ndi adiresi yolandirira kakiyi ka YubiKey pa positi. Sentinel ndi ya olipira. M'dziko lomwe mabanki akusowa ndalama zakunja zogulira mafuta ndi mankhwala, mwana wa sukulu wodalira loni alipira bwanji? M'bale wanga uja ali pachiopsezo kuposa anthu ambiri a ku Geneva, koma foni yake ndi itel yong'ambika galasi, imene mkazi wake ndi ana amagwiritsanso ntchito.

Komabe tisabisale kumbuyo kwa umphawi, chifukwa zomwe zinandichititsa manyazi ine sizinkafuna tambala. Loko wa foni ndi waulere, ndipo manambala ataliatali amaposa chala, poti chala munthu akhoza kukugwira dzanja n'kuchidinda. WhatsApp ili ndi PIN ya two-step verification, Signal ili ndi registration lock. Ukazitsegula, wakuba manambala a pa SMS amakakamira pakhomo. Google Authenticator ndi mapulogalamu ena onga iyo amatulutsa manambala olowera popanda netiweki, zomwe kwa ife a kumalire ndi chipulumutso, poti foni ikathawira ku netiweki ya Zambia SMS imabwera ikafuna. Advanced Protection ya Google ndi yaulere, ndipo kuyambira 2024 imalola passkey ya mu foni momwemo m'malo mwa kakiyi kogula. Macheza a WhatsApp amene amasungidwa ku Google Drive sabisika ngati sunatsegule wekha end-to-end encrypted backup. Ndi angati m'kalasi mwanu amadziwa zimenezo?

Mudzati wapolisi akabwera ndi chikalata cha khoti, PIN ithandiza chiyani? Zoona, ukhoza kukakamizidwa kutsegula, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lagwiritsidwa kale ntchito pomanga anthu chifukwa cha zolemba pa intaneti. N'chifukwa chake chitetezo chenicheni chimayamba foni isanalandidwe. Meseji zodzifufuta zokha pakatha tsiku, dzina la wokuuza chinsinsi losasungidwa momwe lilili, imelo yobwezeretsera yosakhala ndi dzina lako, komanso kudziwa kutulutsa akaunti zako mu foni yolandidwa pogwiritsa ntchito ya mnzako. Chomwe palibe, ngakhale wachikalata sangachiwerenge. Ndipo musandiuze kuti izi n'zobisira akuba. Akuba akuluakulu ali ndi maloya. Wowaona ndi amene ali yekha.

Chimandiwawa n'choti kusukulu timaphunzira za ufulu wolankhula, timalemba mayeso a gawo 21 la Malamulo a dziko lino lonena za ufulu wa chinsinsi cha munthu, kenako timalowa pa Gmail pa kompyuta ya malo osindikizira ma asayimenti n'kuchoka osatuluka. Ine amene ndikulemba zino ndinali mmodzi mwa otere.

Ndinamuuza m'bale wanga zomwe zinachitika pa shopu paja. Sanakalipe. Anangofunsa kuti mnyamatayo ndi mwana wa ndani, ndipo nditamutchulira anakhala chete kanthawi. Kuyambira tsikulo meseji zake ndi za moni ndi mitengo ya soya basi.