Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: Za Ana, Matenda a Fangasi ndi Nkhokwe ya Mankhwala

Wolemekezeka a Nduna,

Ndayamba ndi kuomba m'manja monga achitira munthu wamba akafika pabwalo la mfumu, pakuti ine sindine sing'anga kapena mkulu wa boma, koma mphunzitsi wopuma ntchito amene adatha zaka zake akuyang'ana mitu ya ana m'kalasi, ndipo tsopano akulera adzukulu pakhomo. Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya. Chifukwa chake musadabwe kuti nkhawa ya ife a kumudzi yagogoda pakhomo panu, popeza ndinu amene mudapatsidwa udindo woyang'anira nkhokwe ya mankhwala ya dziko lino. Nkhani yanga ndi ya matenda amene sadza ndi mfuu monga kolera, koma amatsata mliri pambuyo mwakachetechete, monga fisi alondola mapazi a mkango: matenda oyamba ndi tizilombo ta fangasi, ta banja limodzi ndi chuku chimene chimamera pa chimanga chosauma bwino.

Lolani ndiyambe ndi zimene zidagwera anzathu a ku India m'mwezi wa Meyi chaka cha 2021. Pamene dzikolo lidali kulira maliro a Covid-19, ndipo ena amene adachira adali atayamba kubwerera kwao akuyamika Mulungu, padabuka nthenda ina imene madokotala amaitcha mucormycosis, koma nyuzipepala zidaipatsa dzina loti fangasi wakuda chifukwa imapha mnofu niusiya uli bii. Mbewu za fangasiyu zili ponseponse, m'dothi, m'manyowa ndi m'masamba owola, ndipo tonsefe timazipuma tsiku ndi tsiku osavulala, pakuti thupi lamphamvu limazigonjetsa lokha. Koma munthu amene ali ndi matenda a shuga osasamalidwa bwino, napatsidwanso mankhwala a mtundu wa steroid mopitirira muyeso, monga momwe ambiri adachitira pofuna kupulumuka ku Covid-19, linga la thupi lake limagumuka. Ndipo fangasiyu amalowa pamphuno, nadya mphako za mafupa a nkhope, nafika kudiso, napitirira mpaka ku ubongo. Kuti wodwala akhale ndi moyo, kawirikawiri madokotala adayenera kumuchotsa diso kapena nsagwada. Ngakhale ana sadasiyidwe: mumzinda wa Mumbai ana atatu, a zaka 4, 6 ndi 14, adachotsedwa diso limodzi aliyense. Pofika mwezi wa Julayi, boma la India lidauza nyumba ya malamulo kuti odwala adapitirira 45,000 ndipo omwalira adaposa 4,300.

Chimene chidakulitsa tsokali, a Nduna, ndicho kusowa kwa mankhwala amodzi okha, otchedwa amphotericin B, makamaka a mtundu uja wosaononga impso kwambiri umene madokotala amati liposomal. Kabotolo kamodzi kamakhala ndi mamiligalamu 50, ndipo munthu wamkulu amafuna timabotolo tisanu kapena tisanu ndi kamodzi tsiku lililonse kwa masabata angapo, kotero kuti wodwala mmodzi amatha timabotolo toposa 100. Nthenda imene kale idali kuoneka mwa apo ndi apo itagwira anthu zikwizikwi pa nthawi imodzi, nkhokwe zidauma m'masiku owerengeka. Abale a odwala adayendayenda m'masitolo a mankhwala atanyamula kalata ya dokotala, ogulitsa mwachinyengo adakweza mitengo, ndipo makhoti akuluakulu a ku Delhi ndi ku Mumbai adayamba kumva milandu ya kagawidwe ka timabotolo. Boma silidagone: pa 20 Meyi lidapempha zigawo zonse kuti wodwala aliyense azilembedwa ndi kudziwitsidwa kwa akuluakulu motsata lamulo la miliri la chaka cha 1897, lidalola makampani ena asanu kuti ayambe kupanga mankhwalawo, pa 29 Meyi lidalengeza thandizo la ana amene mliri udawasiya amasiye, ndipo pa 1 Juni lidaika malire pa kutumiza amphotericin B kunja kwa dziko. Zonsezi zidali zanzeru, koma chidali chitsime chokumba nyumba ili kuyaka kale.

Mwina mufunsa kuti za ku India zikutikhudza bwanji ife a ku Ntchisi kapena ku Nsanje. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Komanso kabotolo komweko kamene amwenye adali kulimbirana ndiko kamene kamapulumutsa anthu athu ku matenda oumitsa khosi oyamba ndi fangasi wotchedwa Cryptococcus, amene amagwira munthu yemwe chitetezo cha m'thupi mwake chatsitsidwa kwambiri ndi HIV. Nthendayi imabweretsa pafupifupi imfa imodzi mwa imfa zisanu zilizonse za Edzi pa dziko lapansi, ndipo ambiri amene imawatenga ndi amayi ndi abambo a ana aang'ono. Pano tili ndi chonyadira, pakuti zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zidatenga nawo mbali pa kafukufuku wa AMBITION, pamodzi ndi zipatala za ku Botswana, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe. Ndipo zotsatira zake, zimene zidatuluka mu Malichi 2022, zidaonetsa kuti diripi imodzi yokha yamphamvu ya amphotericin B wa liposomal, yotsatidwa ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14, imachiza mofanana ndi njira yakale ya diripi ya sabata yathunthu, ndiponso siipweteka thupi kwambiri. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, lidavomereza njirayi chaka chomwecho. Odwala a kwathu adapereka matupi awo kuti dziko lonse lipeze nzeru imeneyi. Kungakhale kulakwa kwakukulu ngati mlimi amene adalima munda adzasowa ngakhale chitsononkho tsiku limene mliri wina udzautsa mpikisano wa timabotolo.

Sindikuimba mlandu dziko la India, pakuti m'chaka cha njala kholo lililonse limayamba lapakulira ana ake lisanaganize za a mnansi. Ngakhale kumayambiriro kwa mliri, mu Malichi 2020, dziko lomwelo lidaika malire pa kutumiza kunja mitundu 26 ya mankhwala ndi zopangira zake, kuphatikizapo paracetamol, amene ife timangoti Panado. Ife amene timagula kunja pafupifupi mankhwala athu onse, ambiri mwa iwo kuchokera ku India komweko, ndipo timawagula ndi ndalama zakunja zimene nthawi zambiri zimatiperewera, tiyenera kukumbukira kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Tsopano ndibwere kwa ana, amene ndiwo andilembetsa kalatayi. M'chaka chomwecho cha 2021 mdzukulu wanga wamkazi, wa zaka 7, adatuluka zipere m'mutu. Tsitsi lidathothoka m'malo atatu, mozungulira ngati ndalama yachitsulo, pamwamba pake patayera mbuu ngati pawazidwa phulusa, ndipo anzake atayamba kumuseka adakana kuvula duku ngakhale pogona. Ndidamukweza panjinga kunka naye kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Dokotala adapatula tsitsi ndi zala, nayang'ana, nalemba m'kabuku dzina la mapiritsi otchedwa griseofulvin, nandilangiza kuti zipere za m'mutu sizimva mankhwala opaka chifukwa fangasi amabisala m'mizu ya tsitsi, ndi kuti mwanayo ayenera kumwa mapiritsi kwa masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Koma titafika pazenera lolandirira mankhwala, mnyamata wa pamenepo adawerenga kabukuko, napukusa mutu, nati, "Agogo, amenewa adatha kalekale, mukagule kufamase." Ine ndili ndi kapenshoni, ndipo ndidakagula kuboma. Mnansi wanga, amene mwana wake adatenga zipere zomwezo, adalibe ndalama ya ulendo, ndipo adagula kumsika kachubu ka mafuta opaka, kamene nditawerenga timalemba take ndidapeza kuti muli steroid. Kuyabwa kudaleka sabata yoyamba, mayiyo nakondwera. Mwezi usadathe, zipere zidafalikira mutu wonse mpaka m'khosi. Pamenepo ndidazindikira kuti chimene chidachitika ku Mumbai ndi chimene chidachitika pakhomo pa mnansi wanga n'zapachibale: mankhwala oyenera palibe, mankhwala oopsa ali pamsika, ndipo fangasi apeza khomo lotsegula.

Zipere sizipha, koma pali abale ake amene amapha. Khanda likatuluka zoyera m'kamwa, zokhala ngati mkaka woundana umene suchoka popukuta, limalephera kuyamwa, ndipo m'masiku ochepa limafooka. Chikhalirecho mankhwala ake, madontho a nystatin kapena GV wopaka uja, ndi otsika mtengo. Choopsa koposa ndi chibayo choyamba ndi fangasi wotchedwa Pneumocystis, chimene chimakonda makanda a miyezi yochepa amene ali ndi HIV, ndipo chimawatenga msanga. Chishango chake ndi Bactrim, amene mwana wobadwa kwa mayi yemwe ali ndi kachilombo amayamba kulandira akakwanitsa masabata asanu ndi limodzi. Mliri ukadza, mayi akaopa kupita kusikelo, kapena akapita koma napeza kuti Bactrim watha chifukwa maso onse a boma ali pa mliriwo, khandalo lidzamwalira, ndipo dzina lake silidzawerengedwa pa wailesi pamodzi ndi ophedwa ndi mliri. Imfa zotere zilibe mlembi.

Sindikunena ngati munthu wosayamika. Dziko lino lidatsogolera maiko onse m'chaka cha 2011 poyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV. Mu Epulo 2019 lidakhala loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kusikelo. Ndipo poliyo atapezeka mwa mwana mmodzi ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, alangizi a zaumoyo adayenda khomo ndi khomo ndi madontho a katemera. Ndikumbukiranso kuti sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi 2020, pamene odwala oyamba a Covid-19 adalengezedwa pa 2 Epulo. Boma limene lidatha kutseka zitseko za sukulu mdani asadaoneke lingathenso kudzaza nkhokwe mdani asadafike, pakuti chakudza sichiimba ng'oma.

Chifukwa chake ndikupempha zinthu zinayi. Choyamba, lamulani kuti a Central Medical Stores Trust asunge padera muyeso wa miyezi ingapo wa mankhwala a fangasi, kuyambira amphotericin B, flucytosine ndi fluconazole, kufikira Bactrim, nystatin ndi griseofulvin, ndipo ndalama zake zisamasunthidwe kunka kwina mliri ukagwa. Chachiwiri, mankhwala a ana akhale a muyeso wa ana, osungunuka m'madzi kapena a madontho, kuti mayi asamavutike kuswa piritsi la munthu wamkulu ndi mpeni pamwamba pa mtondo. Chachitatu, limbikitsani a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority kuti achotse m'misika ndi m'magolosale ma steroid ogulitsidwa popanda kalata ya dokotala, amapiritsi ndi opaka omwe, ndipo odwala shuga asasowe mankhwala awo pa nthawi ya mliri, popeza iwo ndiwo adagwa koyamba ku India. Chachinayi, matenda a fangasi aziwerengedwa. Mu Okutobala 2022 bungwe la WHO lidatulutsa mndandanda wa mitundu 19 ya fangasi woopsa, ndipo Cryptococcus uja ali m'gulu lapamwamba. Mfumu yosadziwa chiwerengero cha anthu ake siidziwanso kukula kwa nkhokwe yoyenera kumanga.

Ndikudziwa chimene osunga chuma adzayankha: adzati mankhwala ali ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo adzakumbutsa za pa 19 Meyi 2021, pamene dziko lino lidatentha katemera wa Covid-19 wokwana 19,610 amene nthawi yake idatha. Mawu amenewo ndi oona, koma mankhwala amene ndatchulawa sali odikira mliri kuti agwire ntchito; akufunika lero lomwe, m'chipatala chilichonse, mliri ulipo kapena palibe. Mayi wanzeru amayamba kudya chimanga cha chaka chatha, chatsopano nachiika pansi, ndipo nkhokwe yake siifumbwa kapena kuuma. Yosefe uja wa ku Aigupto sadadziwe dzina la munthu aliyense amene adzagogoda pa zaka za njala, koma adasonkhanitsa tirigu pa zaka za dzinthu, ndipo ngakhale abale ake ochokera kutali adapulumukirapo.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe, a Nduna, ndipo ana onse a dziko lino ali pamsana panu. Ngati mukayika mawu a nkhalamba, tumani munthu wokhulupirika, osayamba mwachenjeza, ku chipatala chaching'ono chilichonse chimene mungasankhe kutali ndi msewu wa tala. Akatsegule kabati ya mankhwala, akawerenge Bactrim wa makanda, nystatin ndi griseofulvin, nadzakuuzeni chimene wapeza aphungu asadakhale pansi kukambirana ndondomeko ya chuma ya chaka chamawa.

Ine wanu wodzichepetsa,
Mphunzitsi wopuma ntchito, gogo wa ana asanu.