Lou Fant ndi ntchito imene tidazolowera kuyisiyira ana

Lou Fant adamwalira pa 11 June 2001 mumzinda wa Seattle, ku America, ali ndi zaka 69. Sanali wa kwathu, ndipo ambiri a inu dzinali mukulimva koyamba. Tikumukumbukira chifukwa adakulira pamalo amene inu, ana obadwira kunja kuno, mumawadziwa kuposa ife makolo anu: pakati pa chiyankhulo cha m'nyumba ndi chiyankhulo cha kunja kwa chitseko.

Adabadwa mu 1931 ku Greenville, m'chigawo cha South Carolina. Bambo ndi mayi ake onse anali osamva. Iye ankamva bwinobwino, koma chiyankhulo chimene adayamwira chinali cha manja. Masiku amenewo munthu wosamva akafuna kuonana ndi dokotala, kapena akaitanidwa kukhoti, womumasulira kawirikawiri ankakhala mwana wake, abusa a mpingo kapena mphunzitsi wa pasukulu ya osamva. Inali ntchito yachifundo, yopanda malipiro, yopanda maphunziro ake, yopandanso lamulo losunga chinsinsi.

Chiyankhulocho pachokha chinkanyozedwa. Mu 1880, msonkhano wa aphunzitsi a ana osamva umene udachitikira ku Milan udagamula kuti ana aziphunzitsidwa kuyankhula ndi pakamwa, osati ndi manja, ndipo sukulu zambiri zidatsatira zimenezi kwa zaka zochuluka. Mu 1960 William Stokoe, mphunzitsi wa pa Gallaudet College ku Washington, adasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti chiyankhulo cha manja cha ku America chili ndi malamulo akeake a kayalidwe ka mawu, monga chiyankhulo china chilichonse. Fant nayenso adaphunzitsapo pa Gallaudet, ndipo zimene Stokoe ankatsimikiza ndi kafukufuku, iye adakula akuziona m'manja mwa amayi ake.

Mu 1964 anthu adasonkhana ku Muncie, m'chigawo cha Indiana, ndipo adakhazikitsa bungwe la omasulira lotchedwa Registry of Interpreters for the Deaf. Fant anali m'modzi mwa oyambitsa ake. Mu 1967 adathandiza kuyambitsa gulu la zisudzo la National Theatre of the Deaf, ndipo mu 1972 adatulutsa buku lophunzitsa chiyankhulochi lotchedwa Ameslan. Pa zonsezi, chimene ife tikuchiona chachikulu ndi cha 1964 chija. Munthu amene akadatha kunena kuti "ife tidakula tikumasulira, nanga chavuta n'chiyani," adasankha kuti kumasulira kukhale ntchito yoiphunzira, yoyesedwa mayeso ndiponso yolipidwa.

Inu mukudziwa chifukwa chake. Alipo pakati panu amene adaperekeza agogo kuchipatala ku Leeds kapena ku Johannesburg ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, n'kumasaka mawu a Chichewa a matenda amene ngakhale m'Chingerezi sankawamvetsa. Agogowo pali zina sadanene, chifukwa pakhomo pathu nkhani za m'thupi sizikambidwa mdzukulu ali pomwepo. Mwanayo naye pali zina adazifewetsa, poopa kuwaliza. Dokotala adalemba zimene adamva. N'chifukwa chake malangizo a NHS ku England amati wodwala apatsidwe womasulira kwaulere, ndipo saloleza kugwiritsa ntchito mwana wosakwana zaka 16, kupatula pangozi. Vuto limene inu mudakumana nalo kangapo, banja la munthu wosamva limakumana nalo tsiku ndi tsiku.

Ntchito imeneyi ikapeputsidwa, zotsatira zake dziko lonse lidaziona pa 10 December 2013, pamwambo wokumbukira Nelson Mandela pabwalo la FNB ku Johannesburg. Bambo wina adaima pafupi ndi atsogoleri, kuphatikizapo Barack Obama, akugwedeza manja kwa maola, ndipo anthu osamva adanena poyera kuti zimene ankachitazo zinalibe tanthauzo. Ife akumva tidaonera osazindikira kanthu. Kwa ife manja akamayenda ndiye kuti ntchito ikugwirika.

Ena amati masiku ano pali makina, Zoom ndi YouTube zimalemba zokha zimene munthu akunena. Ife amene timadyera pa makompyuta tikuchenjezeni. Makinawo amapunthwa pa Chingerezi cha kamvekedwe kathu, ndipo mlaliki akangolowetsa Chichewa pakati pa chiganizo, monga timachitira tonse, zotuluka pa sikirini zimakhala zoseketsa. Komanso ngakhale atalemba molondola, akulemba Chingerezi. Kwa munthu amene adakula ndi chiyankhulo cha manja, Chingerezi cholembedwa ndi chiyankhulo chachiwiri. Funso, nthabwala, ukali, zonsezi m'chiyankhulo cha manja zimaonekera pankhope, m'nsidze ndi m'mapewa, ndipo sizipezeka m'mizere ya pansi pa kanema.

Chinanso, chiyankhulo cha manja si chimodzi padziko lonse. Cha ku Britain ndi cha ku America n'zosiyana kwambiri ngakhale mayiko onsewa amayankhula Chingerezi. Polemba zilembo m'malere a ku Britain amagwiritsa ntchito manja awiri, a ku America dzanja limodzi. Malawi ili ndi chake, Zambia chake. Choncho mwana wosamva wobadwa kwa makolo achimalawi ku Manchester amayankhula cha ku Britain, ndipo akapita kukaona msuweni wake wosamva amene adaphunzira ku Maryview kapena ku Mua, amayamba afufuzana kaye.

Maboma ena adavomereza kale. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amatchula ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo pamndandanda womwewo pali Chichewa ndi chiyankhulo cha manja. Britain idakhazikitsa lamulo la chiyankhulo chake cha manja mu 2022. South Africa idachiika kukhala chiyankhulo cha boma cha nambala 12 mu 2023.

Otsalira ndi ife. Pamaliro athu, m'mapemphero athu, pachisangalalo cha 6 July, womasulira saoneka. Tikafunsa amati, "Pagulu pathu palibe wosamva." Mwina alipo, kungoti adabwera kamodzi, adakhala maola atatu akuyang'ana milomo ya anthu, ndipo sadabwerenso. Kapena adabwera ndi mwana wake, amene pamaliro a agogo ake omwe adakhalira kumasulira anzake akulira.

N'zoona kuti womasulira wodziwa ntchito ndi wodula, ndipo mwambo wautali umafuna awiri osinthana, chifukwa ntchitoyi imatopetsa mutu msanga. Koma ndife anthu amene timasonkha ndalama yotumizira maliro ku Lilongwe m'masiku ochepa pa WhatsApp. DJ timamulipira, holo timalipira, mbuzi siilephera.

Zoitanira anthu ku miyambo imeneyi amazikonza ndinu, pa mafoni anu, chifukwa akomiti amadziwa kuti zala zanu n'zofulumira. Pansi pa tsiku ndi malo, onjezani mzere wofunsa ngati alipo wofuna womasulira wa chiyankhulo cha manja, ndiponso cha dziko liti. Wina akayankha, pitani nayo nkhaniyo kwa msungichuma bajeti isanatsekedwe.