Pepala Lolonjeza Loya kwa Mwini Mfuti

M'dziko la United States of America muli malonda ena amene mlendo angazizwe nawo. Lamulo lalikulu la dzikolo limalola nzika kukhala ndi mfuti, ndipo m'caka ca 2022 Bwalo Lalikulu linagamula kuti ufuluwo ukhudzanso kuyenda ndi mfuti ya m'manja kunja kwa nyumba pofuna kudzichinjiriza. Koma walira mvula walira matope. Munthu amene waombera mnzace, ngakhale anene kuti anali kupulumutsa moyo wace, apolisi amamfunsa, kawirikawiri amamgwira, ndipo akhoza kuimbidwa mlandu wakupha. Loya wa mlandu wotere amafuna ndarama zoculuka, kotero kuti ena amagulitsa nyumba.

Makampani anaona podyera pa mantha amenewa. Iwo amati, lipirani ndarama pang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku la tsoka ife tidzakupezerani loya. Mwa odziwika muli USCCA, U.S. LawShield ndi CCW Safe. Kufuna cithandizo cotere si kupusa. Zoonadi kuyambira 1963, pa mlandu wa Gideon, Boma liyenera kupatsa loya munthu wosauka woimbidwa mlandu waukulu, koma maloya a Bomawo m'malo ambiri ali ndi mirandu yoposa mphamvu zao. Kupusa kuli poti anthu ambiri amasankha kampani poona ciwerengero cacikuru ca madola colembedwa pamwamba pa pepala, osawerenga timau tating'ono ta m'munsi. Ogulitsa nawonso amakondwera kuti zikhale comweco.

Funso loposa onse ndi ili: kodi ndaramazo zidzafika liti? Mapangano ena amati mwini mlandu ayambe walipira yekha, ndipo kampani idzambwezera bwalo likampeza wosalakwa. Pangano lotere liri ngati munthu wolonjeza kubwereketsa khasu dzinja litatha. Loya amafuna malipiro ace mlandu usanayambe, belo ifunika m'masiku oyamba omwewo, ndipo akatswiri oyesa mfuti ndi mabala sagwira nchito pa ngongole. Amene ali nazo ndarama zolipira zonsezi yekha safuna kampani kweni-kweni. Amene alibe, kampani yotere siimthandiza pa nthawi imene ali m'madzi.

Nkhani ya Carry Guard ikuonetsa cifukwa cace makampani amacita mwaukathyali cotere. Bungwe la eni mfuti la National Rifle Association linayamba kugulitsa inshuwalansi imeneyi m'caka ca 2017. Otsutsa anaicha inshuwalansi ya kupha anthu. M'caka ca 2018 akuru oyang'anira za inshuwalansi m'cigawo ca New York anapeza kuti inali yosemphana ndi lamulo, pakuti lamulo sililola kuchinjiriza munthu ndi inshuwalansi pa coipa cimene wacita dala. Kampani ya Lockton inalipitsidwa madola 7 miliyoni, ya Chubb madola 1.3 miliyoni, ndipo posapita nthawi Carry Guard inatheratu. Amene anaikapo mtima wao anatsala akufunafuna kwina.

Apa ndipo pali fupa la nkhani. Kuombera podzichinjiriza ndi cinthu cocita dala, ndipo amene amanena ngati kunali koyenera kapena ai ndi bwalo, pa mapeto pa mlandu. Koma kampani iyenera kusankha pa ciyambi ngati itulutse ndarama. Tsono m'mapangano ena kampani imadzisungira mphamvu yoyesa yokha ngati munthuyo anali kudzichinjirizadi, ndipo ikakayika ikhoza kuleka kulipira mlandu uli pakati. Ena amalembanso kuti munthu akapezeka wolakwa, kampani ingamuitanitse ndarama zimene inatulutsa. Kodi ici ncilungamo? Woweruza woyamba wasanduka yemweyo amene thumba lace lidzapepuka akabvomera. Ngakhale pa bwalo la mfumu ya mudzi, mwini mbuzi saloledwa kuweruza mlandu wa mbuziyo. Wogula wanzeru afunse mau amenewa asanalembe dzina lace, ndipo ayankhidwe pa pepala, osati pakamwa pa wogulitsa.

Za loya mwini wace nzacidule. Makampani ena amatumiza loya wao, ena amalola munthu kudzisankhira. Njira zonse ziwiri ziri ndi ubwino wace, malinga loyayo akhale wozolowera mirandu ya kupha m'cigawo comweco, pakuti malamulo a Florida sali amodzi ndi a New York.

Cina cimene ambiri amaiwala ncakuti mirandu iri iwiri. Woyamba ndi wa Boma, umene mathero ace ndi ndende. Waciwiri ndi wa wolasidwayo kapena abale ace, ofuna cipepeso ca ndarama, ndipo pamenepo umboni wofunika ngwopepukirapo. Bernhard Goetz anaombera anyamata anai m'sitima ya pansi pa nthaka ku New York m'caka ca 1984, nanena kuti anafuna kumlanda. M'caka ca 1987 bwalo linammasula pa mlandu wofuna kupha. Koma m'caka ca 1996 mmodzi wa anyamatawo, amene anapuwala, anapambana pa mlandu waciwiri, ndipo Goetz analamulidwa kupereka madola 43 miliyoni. Pangano limene lilipira loya koma osakhudza cipepeso lasiya theka la katundu pa mutu pa mwini wace.

Goetz yemweyo, ngakhale anamasulidwa pa mlandu waukuru, analowa m'ndende cifukwa ca kukhala ndi mfuti yopanda cilolezo. Mapangano ambiri ali ndi mndandanda wa zinthu zimene kampani siidzalowererapo. M'mapangano ena muli mfuti yonyamulidwa kumalo oletsedwa, kuombera munthu ataledzera, ndi kulasa wa m'banja lace lomwe. Ndipo makampani ena sagulitsa konse m'zigawo za New York, New Jersey ndi Washington, kumene akuru a Boma analimbana ndi malondawa. Munthu wa pa ulendo amene adutsa malire a cigawo cace ali ndi mfuti m'thumba ayenera kudziwa ngati cilolezo cace ndi pepala lace zidutsa naye pamodzi.