Matenda a agogo pa foni ya mdzukulu

Ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Highfield kudakali achikulire ambiri olankhula Chichewa, ana a matchona amene anachoka ku Nyasaland, Fort Jameson ndi Tete kukafuna ntchito ku Salisbury. Ena anagwira ntchito m'boma ndipo ali pa inshuwalansi ya zaumoyo ya PSMAS. Ena amadalira penshoni ya NSSA ndi zipatala za boma monga Parirenyatwa ndi Sally Mugabe. Masiku ano uthenga wa mankhwala, malipiro ndi tsiku loonana ndi dokotala ukudzera kwambiri pa foni ndi pa intaneti.

M'nyumba zambiri za m'madera amenewa mulibe kompyuta. Chimene chilipo ndi foni ya mdzukulu, bandulo ya WhatsApp yosachedwa kutha, ndi magetsi a ZESA amene amazima kwa maola ambiri. Kuchokera pamene EcoCash inayamba mu 2011, achikulire ambiri anazolowera kuuza wachinyamata nambala yawo yachinsinsi kuti awatapire ndalama. Tsopano akuyenera kumuululiranso matenda awo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Pachikhalidwe cha Achewa pali matenda amene gogo wamwamuna sangatchule pamaso pa mdzukulu wake wamkazi. Bambo wovutika pokodza, kapena mayi amene akumwa ma ARV mwachinsinsi, angasankhe kukhala chete m'malo mopempha mwana kuti amuwerengere uthenga wochokera kuchipatala. Kukhala chete kotero kumachedwetsa chithandizo.

Ena amati yankho n'kugawa makompyuta. Komatu makina olankhula Chingerezi chokha sangathandize munthu amene maso ake achita khungu ndipo amafotokoza bwino ululu wake m'chinenero cha makolo ake. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo amapatsa anthu opitirira zaka 70 ufulu wolandira chithandizo chamankhwala kuchokera ku boma. Ufulu umenewu suyenera kuthera pa pasiwedi.

Mabungwe a zaumoyo asatseke zenera limene wodwala amalankhulirapo ndi munthu mnzake. Mauthenga ofunika azitumizidwanso ngati mawu ojambulidwa m'Chichewa, kuti agogo azimvetsera okha kuchipinda. Achinyamata odziwa chinenerochi, kaya ali ku Harare, Lilongwe kapena Chipata, angathe kuwamasulira ndi kuwajambula. Mipingo ndi magulu othandizana pamaliro, kumene achikulirewa amakumana kale, ndi malo abwino owaphunzitsira kutsegula uthenga popanda wowagwirira foni.