Kumene Dzuwa Sililowa

Kumpoto kwenikweni kwa dziko la Finland kuli nyanja ya Inari. M'mwezi wa Juni dzuwa sililowa kumeneko. Mabanja amayenda ulendo wautali pa galimoto kukakhoma matenti m'mphepete mwa nyanjayo, namawedza nsomba pakati pa usiku kunja kuli ngwee.

Koma Mkatolika wa paulendowo ali ndi vuto. Parishi ya cigawo conseco, ya Banja Loyera la ku Nazareti, ili mu mzinda wa Oulu, mtunda woposa makilomita 500. Lamulungu likayandikira, banja liyenera kusankha: kuzula tenti kukafuna Misa, kapena kugwada pagombe, korona m'manja.

Nanga ife, amene belu limatipeza tili pakhonde, timacedweranji ku Misa?